Kukunkha Kapena Kuba? Phunziro pa Mapulogalamu Othyoledwa a pa Foni

Musanayambe phunziroli, werengani Levitiko 19:9-13 ndi Deuteronomo 23:24, 25. Foni yanu ikhale pafupi, chifukwa tiifuna kumapeto.

Kusekondale ya mpingo komwe ndinaphunzira, mnyamata wina anabwezedwa kunyumba kwa milungu iwiri chifukwa choba sopo ndi shuga m'sutikesi ya mnzake. Tonse tinavomereza kuti chilangocho chinamuyenera. Ine ndinamaliza Fomu 4 ndisanatengepo ngakhale supuni ya munthu, ndipo ndinkadziwerengera pakati pa osunga lamulo lachisanu ndi chitatu.

Semesita yathayi ndinapemphedwa kukonza vidiyo ya kwaya yathu yoti ionetsedwe pa Sabata la achinyamata. Pulogalamu imene ndinali nayo inali yaulere, koma inkadinda chizindikiro cha eni ake pakona ya vidiyo, ndipo kuti chichoke pankafunika kulipira. Mnzanga wa m'chipinda anandiseka. "Aise, ndani amalipira zimenezo? Yatsa foni ndikuponyere mod." Pasanathe mphindi ziwiri chizindikiro chija chinachoka, ndipo zonse zimene zinali zokiyidwa zinatseguka.

Patapita masiku ochepa ndinacheza ndi mnzathu wina wophunzira za kompyuta. Kwa miyezi itatu wakhala akugona mochedwa, kulemba kapulogalamu kothandiza ana a Fomu 4 kubwereza masamu. Nditamufunsa kuti adzakagulitsa pa mtengo wanji, anati: "Ndidzakagulitsa kamodzi kokha. Woyamba kugula adzaponyera sukulu yonse, monga mmene mumachitira inumo." Iye anayankhula moseka, koma ine mawuwo anandikhala pamtima. Usiku umenewo ndinawerenga mapulogalamu othyoledwa a m'foni mwanga. Analipo 6.

Kodi mod n'chiyani?

Pulogalamu iliyonse ya pa foni ya Android imabwera m'fayilo yotchedwa APK. Munthu wodziwa bwino kompyuta atha kuitsegula fayiloyo, n'kufufuza mizere imene imafunsa ngati wogwiritsa ntchito walipira, n'kuichotsa kapena kuisintha kuti nthawi zonse iziyankha kuti inde. Akatero amaitsekanso n'kuiika pa intaneti. Imeneyo ndiyo timaitcha mod. Pa iPhone zimavutirapo chifukwa Apple inatchinga kwambiri njira zoikira mapulogalamu ochokera kunja kwa sitolo yake, koma nakonso zimachitika.

Kuthyolaku kuli mitundu itatu. Wina amakopera pulogalamu yogulitsa n'kuigawa ulere. Wina amatsegula mbali zolipira za pulogalamu yaulere, monga zinachitikira ndi vidiyo yanga ija. Wachitatu amachotsa malonda otsatsa, amene ali njira imodzi imene mwini pulogalamu yaulere amapezera kangachepe. Pa njira zonse zitatuzi, ntchito ya munthu imagwiritsidwa ntchito koma malipiro ake safika.

Tisaganize kuti othyolawa ndi anthu achifundo ongofuna kuthandiza osauka. Masamba ambiri a pa intaneti ogawa ma mod ndi odzaza ndi malonda otsatsa, ndipo aliyense wotsegula tsambalo amalowetsa ndalama m'thumba mwa mwini wake. Mu Ogasiti 2012 boma la America linalanda masamba atatu otere, Applanet, Appbucket ndi SnappzMarket, ndipo ena mwa owayendetsa anavomera milandu kukhothi pambuyo pake.

Chimene chimabedwa n'chiyani?

Funso limene ambiri timafunsa ndi ili: ndikaba sopo, mwini wake amatsala wopanda sopo, koma ndikakopera pulogalamu, mwini wake akadali nayo. Nanga ndamubera chiyani?

Tiyeni tione nkhani ya Monument Valley, masewera a pa foni amene kampani ya ustwo ya ku London inatulutsa mu 2014. Anthu 8 anagwira ntchito milungu 55 kuti awapange, ndipo kampaniyo inawononga madola 852,000. Ankagulitsidwa pa madola 3.99. Mu Januwale 2015 eni ake analengeza kuti pa mafoni a Android amene masewerawa anaikidwapo, 5 okha pa 100 alionse ndi amene analipiridwa. Pa iPhone ndi iPad anali 40 pa 100.

Tiwerengere limodzi. Nthawi imeneyo sitolo ya Google Play inkatenga magawo 30 pa 100 a mtengo, choncho pa madola 3.99 wopanga ankatsala ndi 2.79, msonkho usanachotsedwe. Pa mafoni 100 amene anali ndi masewerawa, ndalama yofika kwa opanga inali pafupifupi madola 14.

Tinene chilungamo mbali zonse. Si onse 95 otsalawo amene anali akuba, chifukwa munthu mmodzi atha kugula kamodzi n'kuika pa mafoni ake awiri. Komanso si aliyense wokopera amene akanagula. Ndipo Monument Valley inapindulabe, makamaka chifukwa cha ogula a pa iPhone ndi iPad, amene anabweretsa ndalama zoposa magawo 80 pa 100. Koma ndi opanga angati amene ali ndi mwayi wotere? Ambiri ndi anthu awiri kapena atatu, ena ndi munthu mmodzi wogwira ntchitoyi usiku akaweruka kwina. Kuti aike pulogalamu yake pa Google Play amalipira madola 25 polembetsa, ndipo ku Apple amalipira madola 99 chaka chilichonse, kaya wagulitsa kaya sanagulitse.

Apa yankho la funso lija laoneka. Fayilo imatsaladi ndi mwini wake. Chimene chimasowa ndi malipiro a milungu 55 ija. Levitiko 19:13 imaika zinthu zitatu m'vesi limodzi: kusautsa mnzako, kumulanda, ndi kugona ndi malipiro a waganyu mpaka m'mawa. Munthu amene walimitsa waganyu n'kukana kumulipira sanamulande khasu, ngakhale chovala. Waganyuyo amabwerera kwawo ndi zonse zimene anabwera nazo, kupatula tsiku lake ndi thukuta lake. Yakobo 5:4 akunena kuti malipiro obisidwa otere amafuula, ndipo kufuulako kumafika m'makutu a Ambuye.

Zotsatira zake kwa opanga, ndi kwa ife

Choyamba, wogwiritsa ntchito mod samangolephera kulipira, nthawi zina amawonongetsanso ndalama. Mapulogalamu ambiri amadalira makompyuta akuluakulu otchedwa ma server, amene mwini pulogalamu amalipira mwezi ndi mwezi molingana ndi kuchuluka kwa anthu olowa. Kumapeto kwa 2012 kampani yaing'ono ya ku Scotland yotchedwa Hunted Cow inachotsa pamsika masewera ake a Battle Dungeon patangopita masiku ochepa atatuluka, chifukwa osewera osalipira anadzaza ma server mpaka kulephera kutumikira amene analipira. Ogula moona mtima anavutika chifukwa cha akuba.

Chachiwiri, opanga amasintha kachitidwe kawo. Mu Julaye 2012 kampani ya Madfinger Games ya ku Czech Republic inasiya kugulitsa masewera ake a Dead Trigger pa Android n'kuwasandutsa aulere, ponena kuti kukopera kunali kutanyanya. Mtengo wake unali masenti 99 okha. Masewera a Alto's Adventure, opangidwa ndi kampani ya Snowman ya ku Toronto, anatuluka pa iPhone mu 2015 ali ogulitsa, koma atafika pa Android mu 2016 anabwera aulere, okhala ndi malonda otsatsa. Timadandaula kuti mapulogalamu a masiku ano amatsatsa malonda mphindi iliyonse ndipo amatha bandulo. Zifukwa zake n'zambiri, koma chimodzi mwa izo n'chakuti opanga anaphunzira kuti kugulitsa pulogalamu mwachindunji pa Android n'kovuta.

Chachitatu, zimene sizinapangidwe sitizidziwa. Munthu akasiya ntchitoyi chifukwa siimudyetsa, palibe amalengeza. Pulogalamu imangosiya kukonzedwa, kenako n'kusiya kugwira pa mafoni atsopano. Kwathu kuno nkhaniyi si yachilendo: tinaona mmene oimba athu anadandaulira pamene malo okopera nyimbo anafala m'misika. Bungwe la COSOMA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1992, lakhala likulimbana ndi vutoli, ndipo lamulo la Copyright Act la mu 2016 limateteza ntchito za olemba ndi oimba pamodzi ndi mapulogalamu a kompyuta. Kampani ya ku London ili ndi ogula ku maiko ena oti n'kuipulumutsa. Mnzathu wa kapulogalamu ka masamu uja alibe msika wina. Msika wake ndife.

Pali nkhani ina yoseketsa koma yophunzitsa, ngakhale inachitikira pa kompyuta osati pa foni. Mu Epulo 2013 abale awiri, Patrick ndi Daniel Klug, anatulutsa masewera otchedwa Game Dev Tycoon, momwe wosewera amayendetsa kampani yopanga masewera. Iwo eni anaika dala pa intaneti kope looneka ngati lothyoledwa, koma analisintha mwakuti kampani ya wosewerayo ikayamba kukula, anthu amayamba kukopera masewera ake osalipira mpaka kampaniyo kugwa. Tsiku loyamba, ogula anali 214 ndipo osewera kope lakuba anali 3,104. Ena mwa osewera kope lakubawo anapita pa intaneti kukadandaula kuti akuba akuwagwetsera kampani, n'kumapempha nzeru za mmene angawaletsere. Werengani Mateyu 7:12, kenako 2 Samueli 12:1-7, muone mmene Natani anachitira ndi Davide.

M'munda wa mnzako

Mulungu sanaiwale munthu wopanda ndalama. Pa Levitiko 19:9, 10 analamula eni minda kuti asakolole mpaka m'mphepete, ndipo asatole zogwa pansi, koma azisiyire osauka ndi alendo. Pa Deuteronomo 23:24, 25 analola wodutsa m'munda wa mnzake kudya mphesa mpaka kukhuta ndi kubudula ngala ndi dzanja. Koma anaika malire: asaike mphesazo m'chotengera, ndipo asalowetse chikwakwa m'tirigu wosakolola.

Taonani mmene lamuloli likutetezera anthu awiri nthawi imodzi. Wanjala sagona ndi njala, ndipo wolima sataya zokolola zake. Onaninso kuti mavesi a khunkha akutsatiridwa pomwepo ndi vesi 11, loletsa kuba ndi kunamizana. Rute anali mlendo, wamasiye, wosauka kuposa aliyense wa ife, koma atafika m'munda wa Boazi anapempha kaye kwa kapitawo, ndipo anakunkha pambuyo pa okolola (Rute 2:7). Sanalowe usiku ndi chikwakwa.

Mfundo ya phunziro lathu ili pamenepa. Pulogalamu yaulere yokhala ndi chizindikiro pakona, kapena yotsatsa malonda, kapena yokhala ndi mbali zina zokiyidwa, ndi khunkha limene mwini munda watisiyira. Mod ndi chikwakwa. Ine ndinapatsidwa ulere pafupifupi zonse zofunika pokonza vidiyo ija. Mwini wake anangopempha kuti dzina lake lioneke pakona, ndipo ngakhale chimenecho ndinamumana.

M'buku la Patriarchs and Prophets, lomwe linatuluka mu 1890, Ellen G. White pofotokoza lamulo lachisanu ndi chitatu anaphunzitsa kuti limafuna kukhulupirika ngakhale pa tinthu tating'onoting'ono ta moyo, ndipo limafuna kuti ngongole ndi malipiro oyenera aperekedwe. Iye sanaonepo foni ya m'manja, koma mfundoyo ikufika mpaka m'matumba mwathu.

Zifukwa zitatu zimene timapereka

"Ndilibe njira yolipirira." Ichi ndi chifukwa cholemera, ndipo sitiyenera kuchipeputsa. Mitengo yambiri imaikidwa m'madola, ophunzira ambiri tilibe khadi la kubanki logulira pa intaneti, ndipo kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 chilichonse chogulidwa kunja chinakwera. Madola 4 kwa wophunzira wa ku London ndi kapu ya khofi, pamene kwa ife ndi ndiwo za masiku angapo. Opanga ndi masitolo akanachita bwino kuganizira zimenezi. Komabe kusowa ndalama kumandipatsa ufulu wokunkha, osati wothyola. Tifunsenso moona mtima: mwa mapulogalamu 6 a m'foni mwanga, ndi angati amene ndikanalephera mayeso popanda iwo? Panalibe ngakhale imodzi. Pemphero la Aguri pa Miyambo 30:8, 9 likuonetsa kuti iye ankaopa umphawi chifukwa ukanamuchititsa kuba n'kunyozetsa dzina la Mulungu. Sanautenge ngati chilolezo.

"Kampani zimenezi n'zolemera kale." Zina n'zolemeradi, koma zambiri si zolemera, ndipo ife pothyola sitiyamba tafufuza. Komanso Eksodo 20:15 sinena kuti tiyambe tayeza chuma cha mwini katundu. Palibe wa ife amene angatenge buledi m'sitolo yaikulu ya mumzinda n'kunena kuti eni ake sazindikira.

"Ndi ntchito ya Mulungu." Ichi ndicho chinali chifukwa changa. Mapositala a misonkhano ya chitsitsimutso, mavidiyo a kwaya, zolengeza za msonkhano wa misasa: zingati mwa izi zimakonzedwa ndi mapulogalamu othyoledwa? Pa 2 Samueli 24:18-25, Arauna anapereka dwale lake ndi ng'ombe zake kwa Davide kwaulere kuti apereke nsembe, koma Davide anaumirira kugula, chifukwa sanafune kupereka kwa Mulungu chinthu chimene sanachilipire. Ngati anakana cha ulere chimene mwini wake anapereka ndi mtima wonse, akanatani ndi chotengedwa mwini wake asakudziwa? Komiti ya mpingo imene imagula mafuta a jenereta ndi mabatire a maikolofoni ikhozanso kuika mu bajeti yake chilolezo cha pulogalamu imodzi ya gulu lojambula.

Chikomekome cha mkuyu

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Munthu amene watha kuchotsa mizere m'pulogalamu ya mwini athanso kuikamo yake. Mu Ogasiti 2021 kampani ya Kaspersky inapeza kachilombo ka pa foni kotchedwa Triada m'kope lina la FMWhatsApp, yomwe ndi WhatsApp yosinthidwa ndi anthu ena. Kachilomboko kankatha kuwerenga mauthenga a SMS ndi kulembetsa mwini foni ku zinthu zolipira iye asakudziwa. Eni WhatsApp nawonso amachenjeza kuti atha kutseka nambala zogwiritsa ntchito makope osavomerezeka monga GB WhatsApp ndi WhatsApp Plus.

Ganizirani zimene zili m'foni mwanu: Airtel Money kapena Mpamba, mauthenga a kubanki, manambala achinsinsi obwera pa SMS, zithunzi za abale, mwinanso ndalama ya fizi imene makolo atumiza. Miyambo 20:17 imanena za chakudya chopezeka mwachinyengo, chimene chimakoma poyamba koma pambuyo pake chimasanduka miyala m'kamwa. Komabe tisasiye ma mod chifukwa cha mantha okha. Ngakhale mod itakhala yopanda kachilombo, malipiro a wopanga amakhala asanafikebe.

Khunkha lilipo, ndipo n'lochuluka

Pali anthu ambiri amene amapanga mapulogalamu n'kuwapereka dala kwaulere, ena mpaka kulola aliyense kuwagawa ndi kuwasintha. VLC imasewera nyimbo ndi mavidiyo. AnkiDroid imathandiza kuloweza za m'kalasi. Kiwix imalola kuwerenga Wikipedia popanda intaneti. Khan Academy imaphunzitsa masamu ndi sayansi. LibreOffice imagwira ntchito ya muofesi pa kompyuta. Sitolo ya F-Droid imasunga mapulogalamu otere okhaokha a pa Android. Pa za uzimu, pulogalamu ya EGW Writings ndi ya Sabbath School n'zaulere, ndipo ya YouVersion ili ndi Baibulo la Chichewa. Kuponyera mnzako VLC kapena Kiwix si kuba, chifukwa eni ake anatsegula okha chipata.

Pa zimene tinatenga kale, Zakeyu akutiphunzitsa kuti kulapa kumayenda ndi kubweza (Luka 19:8). Mwina sitingathe kubweza kanayi kwa munthu wa ku Toronto. Koma tingathe kufufuta mod, kubwerera ku kope la eni ake, kulola malonda otsatsa aoneke, kulemba ndemanga yabwino m'sitolo, ndi kugula pulogalamu imene imatithandizadi tsiku limene tidzayambe kulandira malipiro. Tingathenso kuleka kukhala chitsime chimene hositelo yonse imatungako. Aefeso 4:28 sangoletsa kuba, amatiuzanso kugwira ntchito ndi manja athu kuti tikhale ndi chogawira osowa. Ena mwa ife adzaphunzira kupanga mapulogalamu, ndipo adzasankha okha mbali ya munda yoti asiyire okunkha.

Ife ophunzira zauphunzitsi tili ndi chifukwa china. Posachedwapa tidzaima patsogolo pa ana, kuwaletsa kuonera mayeso ndi kukopera ntchito ya anzawo. Ana amaona foni ya aphunzitsi, ndipo amaidziwa mod akaiona. Luka 16:10 akuti kukhulupirika pa zazikulu kumayambira pa zazing'ono.

Vidiyo ya kwaya ija ndinaikonzanso ndi kope laulere. Zinanditengera usiku wina wathunthu, ndipo zokometsera zina zimene ndinazikonda zinatayika. Pa Sabata la achinyamata inaonetsedwa ili ndi chizindikiro chake pakona. Mnzanga wa m'chipinda anandifunsa kuti, "Aise, mod ija yafa?" Ndinamuuza kuti ndaifufuta. Mpaka lero amandiseka, ndipo yake akadali nayo. Zina mwa zimene ma mod aja ankachita ndimazisowadi, ndipo sindinapeze cholowa m'malo mwa zonse.

Mafunso okambirana

1. Werengani Deuteronomo 23:24, 25. Kodi malire a dzanja ndi chikwakwa ali pati pa nkhani ya mapulogalamu, nyimbo, ndi mabuku a PDF amene timagawana m'magulu a WhatsApp?

2. Mnzanu akuti, "Sindikanagula ngakhale pang'ono, ndiye palibe amene wataya kanthu." Mungamuyankhe bwanji pogwiritsa ntchito Levitiko 19:13, popanda kumunyoza chifukwa cha kusowa kwake?

3. Kodi gulu lojambula la mpingo wanu limagwiritsa ntchito mapulogalamu otani? Ndani angakatule nkhaniyi ku komiti ya mpingo, ndipo angaiyambe bwanji mwaulemu?

4. Mukanakhala inu wopanga kapulogalamu ka masamu kaja, ndi mbali iti imene mukanasiyira okunkha, ndipo ndi iti imene mukanagulitsa?

Chochita mlungu uno

Tengani foni ija. Dzuwa lisanalowe Lachisanu, pamene mukuchapa, kusita ndi kukonzekera Sabata, tsegulani mndandanda wa mapulogalamu anu n'kuwerenga amene sanachokere kwa eni ake. Pa iliyonse dzifunseni ngati munapatsidwa kapena munathyola. Kenako sankhani chochita, inu ndi Mulungu wanu, ndipo mudzatiuze m'kalasi la Sukulu ya Sabata zimene munapeza zolowa m'malo mwake, kuti ena nawonso akakunkhe komweko.